Sikirini ya fyuluta ya fumbi ikulemba HIGH DP m'mawa uliwonse: poyambira ndi pati?

Funso lachokera ku Dedza boma: "Ndimagwira ntchito pa chigayo chachikulu cha chimanga. Tili ndi fyuluta ya fumbi ya matumba 48 ndi mavalavu 6, ndipo timaiyendetsa pa sikirini yodina ndi chala. Chiyambireni kuzizira mu Juni, m'mawa uliwonse sikirini imafiira n'kulemba HIGH DP, nambala n'kufika 2,100 Pa. Ndinalowa m'maseting'i n'kuchepetsa nthawi yodikira kuchoka pa masekondi 15 kufika pa 3, komanso ndinatalikitsa kuwomba kwa mpweya kuchoka pa 100 ms kufika pa 500 ms. Pano kompuresa siikupuma, alamu ikubwerabe, ndipo kuchumuni kwayamba kutuluka fumbi loyera. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, musanachite china chilichonse bwezerani manambala awiri aja pomwe anali: masekondi 15 ndi 100 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi). Vuto lomwe linayambitsa alamu likadalipo ndipo tilifufuza, koma kusintha kwanuko kwawonjezerapo mavuto ena awiri, ndipo simungaone bwino loyambalo enawa akadali pamwamba pake.

Nambala ya DP ija, yomwe imayezedwa mu Pa, ndi kusiyana kwa mphamvu ya mpweya pakati pa mbali ya fumbi ndi mbali yoyera ya matumba. Fani imakoka mpweya kudutsa m'nsalu ya matumbawo, fumbi n'kutsalira kunja kwa nsalu. Fumbi likamachuluka mpweya umavutika kudutsa, nambala n'kukwera. Pa matumba a poliyesita omwe amapezeka m'zigayo zambiri, fyuluta yathanzi imayenda pakati pa 1,000 ndi 1,500 Pa. Masikirini ena salemba Pa, amalemba mbar kapena mmWC. Musasokonezeke nazo: 1 mbar ndi 100 Pa, ndipo 100 mmWC ndi pafupifupi 1,000 Pa. Ngati buku la amene anapanga makinawo lili mu ofesi, manambala ake ndiwo oyenera kutsatira kuposa awa.

Tsono onani zomwe zinachitika mutasintha. Valavu iliyonse imawomba mpweya wa kompuresa m'mzera umodzi wa matumba kuti fumbi ligwe. Pa masekondi 15, mavalavu amawomba kanayi pa mphindi, ndipo mzera uliwonse wa matumba 8 umakutumulidwa kamodzi pa masekondi 90. Pa masekondi 3 akuwomba ka 20 pa mphindi, kuwomba kulikonse kukutalika kasanu. Mukawerengera, mukupempha kompuresa mpweya wochuluka ka 25 kuposa kale. Palibe kompuresa ya pachigayo imene ingakwanitse zimenezo. Thanki yaing'ono yomwe yagona m'mbali mwa fyuluta, pomwe pakhala mavalavupo, imafuna nthawi kuti idzadzenso. Kaimeni pa geji yake muone: muvi uyenera kukhala pa 5 kapena 6 bar, utsike pang'ono valavu ikawomba, kenako ubwerere pamalo pake valavu ina isanawombe. Ndi maseting'i anuwa mupeza ukungozungulira pa 2 kapena 3 bar, ndipo mpweya wotero umangosisita thumba, sulikutumula.

Komanso chomwe chimagwetsa fumbi ndi kugunda koyamba kuja, pamene thumba latupa mwadzidzidzi ngati munthu akukutumula bulangeti. Zimenezi zimatha m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Mpweya wotsalawo, kuyambira 150 ms kupita m'tsogolo, ndi ndalama zamagetsi zongotayika. Ku Dedza kuno nkhaniyi ndi yokulirapo, chifukwa boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, komwe mpweya ndi wopepuka ndi maperesenti pafupifupi 15 poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kompuresa imakoka mpweya wochepa pa kuzungulira kulikonse, choncho imachedwa kudzadza thanki kusiyana ndi zomwe zalembedwa pa chikwangwani chake.

Fumbi la kuchumuni nalonso mwina ndi mwana wa kusintha komweku. Nsalu ya thumba payokha siisefa bwino fumbi losalala kwambiri. Chimene chimasefa ndi kafumbi kopyapyala komwe kamakhala pamwamba pa nsaluyo. Mukamakutumula pafupipafupi mumachotsa kafumbi kameneka, komanso thumba limakhulana ndi khola lake lawaya mpaka kubooka.

Mukabwezera manambala, funso loyamba si lakuti matumba atsekeka chifukwa chiyani, koma lakuti kodi 2,100 ija ndi yoona. Sikirini ndi zenera chabe. Imaonetsa zomwe yauzidwa ndi PLC, kakompyuta kamene kali mkati mwa bokosi la magetsi, ndipo PLC nayo imauzidwa ndi sensa. Sensayo imamva mpweya kudzera m'timapaipi tiwiri tapulasitiki, nthawi zambiri ta 6 mm, kamodzi kochokera mbali ya fumbi kopita polembedwa +, kena kochokera mbali yoyera kopita polembedwa −. Timapaipi timeneti ndi timene timanamiza anthu kwambiri. Ka mbali ya fumbi kamatsekeka ndi ufa, ndipo nyengo yozizira madzi amadontha n'kukhazikika pomwe kapaipi kapinda.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani fani, dikirani iime kotheratu, muone sikirini. Iyenera kulemba 0 kapena pafupi kwambiri ndi 0. Ikamalembabe 300 kapena 400, sensa kapena timapaipi tili ndi vuto. Zulani timapaipito ku sensa n'kutiuzira mpweya cholozetsa ku fyuluta. Musauzire mpweya wa kompuresa cholozetsa ku sensa, chifukwa kachikopa ka mkati mwake kanapangidwira mphamvu yaing'ono kwambiri ndipo 6 bar imakang'amba nthawi yomweyo.

Pali njira ina yotsimikizira yomwe siifuna magetsi. Gulani paipi yoonekera mkati, ija amisiri omanga amayezera levulo, mita imodzi ndi theka. Ipindeni ngati chilembo U, muikhomere pa thabwa, muthiremo madzi kufika theka. Lumikizani nsonga zake ku timapaipi tiwiri tija fani ikuyenda, n'kuyeza ndi rula kusiyana kwa madzi mbali ziwirizo. Mamilimita 100 ndi pafupifupi 1,000 Pa. Ngati rula yati 120 mm pomwe sikirini ikuti 2,100, matumba alibe mlandu. Zikatero itanani wamagetsi ayeze waya wa sensa: umanyamula magetsi ochepa a 4 mpaka 20 mA, 4 kutanthauza ziro, 20 kutanthauza mapeto a sikelo. Pa sensa ya 0 mpaka 2,500 Pa, 12 mA ndi 1,250 Pa. Zimachitika kuti wina anasintha sensa n'kuika ya sikelo ina osasintha manambala mu PLC, ndiye sikirini imalemba kuwirikiza kawiri kapena theka la zenizeni. Akapeza zochepera 4 mA, waya waduka penapake kapena sensa yafa.

Tsopano tinene kuti rula ndi sikirini zagwirizana, 2,100 ndi yoona. Mawu anu akuti "chiyambireni kuzizira" ndi "m'mawa uliwonse" akuloza chinthu chimodzi: chinyezi.

Usiku wa Juni ndi Julayi ku Dedza chitsulo cha fyuluta chimazizira ngati mwala wa kumtsinje, makamaka ngati fyulutayo ili kunja kwa nyumba komwe nkhungu ya kuphiri imaikuta. M'mawa mukangoyatsa chigayo, mpweya wofunda wochokera pogaya, wonyamula chinyezi cha chimanga, umafika pa chitsulo ndi nsalu zozizirazo. Zimachita thukuta. Ufa ukakumana ndi thukutalo umasanduka phala, ndipo dzuwa likakwera phalalo limauma n'kukhala nkhoko ngati za mumphika wa nsima. Nkhoko sizichoka ndi mpweya, ngakhale muwombe kangati. Ngati pachigayo panu mumanyowetsa chimanga musanachikonole, kapena mukulandira chimanga chatsopano chomwe sichinaume kufika pa 13 peresenti, chinyezicho chimawirikiza. Umboni wake mukaupeza pa tsamba la TREND ngati sikirini yanu ili nalo: mzera umakwera kwambiri m'maola oyamba, n'kutsika pang'ono masana kukafunda. Tsiku ndi tsiku malo omwe ukutsikirawo amakhala okwererapo kuposa dzulo, chifukwa nkhoko zikuwonjezekera.

Mankhwala ake ali m'kayatsidwe ndi kazimitsidwe, ndipo apa mpamene sikirini imathandiza zenizeni. Madzulo, yambani mwaletsa chimanga kulowa, chigayo chigaye zotsala chithe. Fani isiyeni iyende yokha mphindi 10 kapena 15 kuti iumitse matumba ndi kukoka fumbi lotsalira m'mapaipi. Kenako zimitsani fani, koma kompuresa isazime. Fufuzani m'maseting'i polembedwa POST CLEAN, AFTER CLEANING kapena OFFLINE CLEAN, muikepo maulendo 2 kapena 3. Apa mavalavu amawomba fani itaima, ndiye fumbi limagwera pansi ndithu m'malo mokokedwanso kubwerera pa thumba loyandikana nalo. Pa mavalavu 6 ndi masekondi 15, maulendo atatu amatenga mphindi zinayi ndi theka basi. Anthu ambiri amataya mwayi umenewu pozimitsa chilichonse pa swichi yaikulu pothamangira kuweruka, matumba n'kugona ndi ufa usiku wonse m'nkhungu. Valavu yozungulira ya pansi pa hopa (chotengera cha kunsi kwa fyuluta momwe fumbi limagwera), ija imatulutsa fumbi, ndiyo yomaliza kuzima, hopa ikakhala kuti yatha.

M'mawa dongosolo limatembenuka. Kompuresa ndiyo yoyamba, mpaka geji ifike pa 5 kapena 6 bar. Kenako valavu yozungulira, kenako fani. Chigayo chiyende chopanda chimanga kapena ndi chimanga chochepa kwa mphindi 10 kuti zitsulo zifunde, kenako mutsegule bwinobwino. Pa makina ambiri mukadina START muli pa AUTO, PLC imatsata yokha ndondomekoyi ndi timphindi todikira pakati. Ngati mwazolowera kuyatsa chimodzichimodzi pa MANUAL chifukwa AUTO ikuoneka yochedwa, dziwani kuti pa makina ena MANUAL imalumpha zotetezera zina, monga choletsa fani kuyenda valavu yozungulira itaima.

Madzi ena amachokera ku kompuresa yeniyeniyo. Mpweya ukapanikizidwa umatulutsa madzi, ndipo amakhala pansi pa thanki. Tsegulani kampopi ka pansi pa thanki yaikulu m'mawa uliwonse, ka pansi pa thanki ya mavalavu, ndi ka kabotolo koonekera komwe kali pa regyuleta. Mukaona madzi oyera ngati mkaka, muli mafuta, kompuresa ikutaya oyilo. Mafuta pa thumba ndi oipa kuposa madzi chifukwa sauma. Ngati eni chigayo angathe, chowumitsira mpweya pambuyo pa kompuresa ndi kukuta fyuluta ndi zotchingira kuzizira zimathetsa gawo lalikulu la vutoli. Ngakhale denga la malata ndi khoma lotchinga mphepo zimathandizako.

Chinthu china choti muone m'maseting'i ndi mmene fyuluta ikusankhira nthawi yokutumula. Pamakhala njira ziwiri. TIMER kapena CONTINUOUS imawomba mosalekeza kaya matumba ndi oyera kaya ayi. DP MODE kapena ON DEMAND imayamba kuwomba nambala ikafika pomwe mwaika, n'kusiya ikatsika. Sensa ikakhala yokhulupirika, sankhani yachiwiriyi: iyambe pa 1,500 Pa, isiye pa 1,200 Pa, alamu ikhale pa 2,000 Pa yodikira masekondi 30 mpaka 60 isanalire kuti isamalire ndi kugwedezeka kwa kanthawi. Kompuresa ipuma, matumba akhalitsa. Chimene sindingakulangizeni ndi kukweza alamu kufika 3,000 kuti isiye kusokosa. Fani ikalephera kukoka, fumbi limatulukira pa chigayo pomwe anthu akupuma, ufa umatentha, ndipo matumba amatha kuphwanya makola awo.

Za fumbi la kuchumuni, sikirini ikuthandizani kupeza thumba lobooka osatsegula onse 48. Pitani pa tsamba la VALVE TEST, kapena pa MANUAL pomwe pali mabatani V1 mpaka V6. Fani ikuyenda, mnzanu aime pomwe akuona chumuni, inu muzidina valavu imodzi, n'kudikira masekondi 20, n'kudina ina. Valavu yomwe ikawomba chumuni chikutulutsa mtambo waukulu, m'mzera wake ndimo muli thumba long'ambika kapena lomwe silinakhale bwino pakamwa pake. Mukatsegula chivindikiro cha pamwamba muona ufa utaunjikana mozungulira dzenje la thumba lolakwalo.

Pa kuyesa komweko tcherani khutu. Valavu yabwino imamveka "phu!" kamodzi, mwamphamvu, n'kukhala chete. Yomwe ikungoti "sii" osaleka ili ndi mphira wong'ambika kapena kachitsotso pampando wake, ndipo imodzi yotero imatha kumaliza mpweya wa thanki yonse n'kufooketsa zisanu zinazo. Ikangoti "tiki" popanda kuwomba, magetsi akufika koma mphira wakakamira kapena kabowo kaang'ono katsekeka. Ikakhala duu, vuto ndi la magetsi: koyilo yomwe imatsegula valavu yapsa, fyuzi yaduka kapena waya wamasuka. Koyilo zambiri ndi za 24 V DC, koma werengani pa koyilo pomwepo musanagule ina chifukwa ziliponso za 110 V ndi 230 V. Valavu imodzi yakufa ndi matumba 8 osakutumulidwa, gawo limodzi mwa magawo 6 a fyuluta yanu, ndipo zokhazo zimakweza DP.

Musaiwale hopa. Si nkhokwe. Ikadzadza, fumbi limafika kumunsi kwa matumba, mpweya n'kumalinyamulanso, DP n'kukwera ngakhale mavalavu onse ali bwino. Ufa wachinyezi umakonda kumanga denga mkati mwa hopa, pansi pali mphako, valavu n'kumazungulira yopanda kanthu. Gogodani m'mbali ndi hamala ya mphira mumve ngati mukulira mopanda kanthu kapena modzadza. Dzanja lokha lisalowe m'valavu yozungulira. Imadula zala ngakhale ikuoneka yoyenda pang'onopang'ono.

Apa ndinene mosapita m'mbali: STOP ya pa sikirini siiteteza munthu. Ndi pempho chabe lopita ku PLC, ndipo mnzanu akhoza kudina START inu muli mkati. Musanatsegule chitseko chilichonse, zimitsani swichi yaikulu ya pa bokosi, muikepo loko yanu, kiyi m'thumba mwanu, mutseke mpweya n'kutulutsa wa m'thanki mpaka geji ifike pa ziro. Valani chotchinga mphuno. Ndipo ufa wouluka mumpweya umaphulika ukakumana ndi moto. Wowotcherera asayandikire fyuluta kapena mapaipi ake zisanakhuthulidwe n'kuyeretsedwa, fodya asasutiridwe pafupi, ndipo waya wa efi wolumikiza fyuluta ku nthaka ukhale womangika.

Mukafika pogwira matumba, afinyeni ndi dzanja. Ngati ndi ofewa ndipo ufa ukugwa, njira ya kuumitsa ija iwabwezera m'masiku ochepa. Ngati auma gwa, kapena DP ikukhalabe pamwamba pa 1,800 Pa mutakutumula maulendo angapo fani itaima, atha basi. Kuwachapa ndi sopo kawirikawiri kumawononga nsalu n'kuwafupikitsa. Sinthani onse nthawi imodzi ngati ndalama ilola, chifukwa matumba ochepa atsopano pakati pa otsekeka amalandira mpweya wonse n'kutha msanga. Ndi matumba atsopano DP imayambira pansi, 300 mpaka 500 Pa, ndipo si vuto. Tsekani pang'ono chitseko cha mpweya cha pa fani, muone ma amp a mota pa sikirini asadutse olembedwa pa chikwangwani chake, ndipo musakutumule mpaka nambala ifike pomwe munaika. DP MODE imachita zimenezi yokha.

Pa maalamu, siyanitsani ACK ndi RESET. ACK imauza makina kuti mwaona, belu n'kusiya. RESET imafafaniza alamu, koma pokhapokha choyambitsa chitachoka. FAN TRIP kapena OVERLOAD ikabwera kawiri motsatana, musapitirize kudina RESET, mota ipsa. Tsamba la ALARM HISTORY muziliwerenga kuyambira alamu yoyamba kubwera, chifukwa zotsatira zake nthawi zambiri ndi ana ake: LOW AIR PRESSURE ya 6:40 ndiyo imabereka HIGH DP ya 7:05. Izi zimafuna kuti wotchi ya sikirini ikhale yolondola, ndiye ngati deti imabwerera m'mbuyo magetsi akathima, kabatire ka mkati katha. Mukaona manambala asanduka #### kapena palembedwa COMM ERROR, sikirini yasiya kumvana ndi PLC. Makina amatha kumayendabe, inu muli wakhungu. Onani chingwe cholumikiza ziwirizo musanaganize zogula sikirini ina.

Magetsi akabwerera atathima, kapena mukalumikiza jenereta kapena mota yochokera kokonzedwa, yang'anani mbali yomwe fani ikuzungulira poyerekeza ndi muvi wojambulidwa pa chikuto chake. Mawaya awiri mwa atatu akasinthana malo fani imazungulira chobwerera. Imakokabe mpweya pang'ono, ndiye munthu sazindikira msanga, koma DP imatsika kwambiri pomwe fumbi ladzadza m'nyumba.

Sikirini yeniyeniyo idineni ndi chala kapena kapulasitiki kosasongoka. Sikuludiraiva, msomali ndi kiyi zimaboola kachikopa ka pamwamba, ndipo malo a batani lomwe mumadina kawirikawiri ndiwo amayamba kufa. Ikamayankha pambali pa pomwe mwadina, m'maseting'i a sikiriniyo muli CALIBRATE, pomwe mumadina timitanda tomwe ikuonetsani. Poipukuta gwiritsani nsalu yofewa yonyowa pang'ono, makina ataima kapena mutayatsa CLEAN SCREEN ngati ilipo, yomwe imagonetsa mabatani kwa kanthawi. Chitseko cha bokosi chizikhala chotseka, pakuti ufa ndi nkhungu zikalowa pa mawaya a 24 V zimabweretsa maalamu osadziwika mutu wake.

Pasiwedi ya tsamba la maseting'i ikhale ndi anthu awiri okha. Lero lomwe, mukabwezera 15 ndi 100, jambulani tsamba lililonse la maseting'i ndi foni, zithunzizo musindikize n'kuziika m'pulasitiki mkati mwa chitseko cha bokosi. Mugulenso kope loti pa 7 koloko, 10 koloko ndi 3 koloko muzilembamo DP, bar za pa geji ndi ma amp a fani. Mukafuna kusintha nambala, sinthani imodzi yokha, mulembe deti, muyendetse tsiku lathunthu musanakhudze ina. Ngati pakatha sabata ya kuumitsa madzulo ndi kufunditsa m'mawa nambala ya 7 koloko yatsika kufika pansi pa 1,600 Pa, matumba anu apulumuka. Ikakhalabe pa 2,000, yezani kutalika ndi kukula kwa thumba limodzi pamodzi ndi khola lake, muitanitse 48.